TIWAPATSE MAINA ANTHU A PA CHINSALU

Mau olankhulidwa m'holo ya parishi madzulo oonetsa kanema wakale, pa chikondwerero cha zaka 100



Bungwe lokonza chikondwerero landituma kuti ndinene mau angapo tisanazimitse nyale. Pa tebulo apo pali makina akale oonetsera kanema, ndipo pambali pake pali mipukutu ya filimu imene amishoni anajambula zaka zambiri zapitazo. Ndikuchenjezeni msanga kuti mafilimu amenewa alibe mau. Muona anthu akuyenda, akuseka, akutsekula pakamwa poimba, koma simumva kanthu kupatula phokoso la makina. Pa zitini zake panangolembedwa mau amodzi kapena awiri, monga “ubatizo” kapena “sukulu”, ndipo palibe pamene panalembedwa kuti uyu ndi uje, mwana wa uje, wa m'mudzi wakuti. Tsono ntchito imene tasonkhanira lero ndi yakuti anthu amenewa tiwabwezere maina ao, pamene owadziwa akadali pakati pathu.

Ndiyambe ndi kukumbutsa zaka. Pa 28 Disembala 1895, mu mzinda wa Paris, abale awiri a banja la Lumière anaonetsa kanema kwa anthu amene analipira pakhomo. Kwa nthawi yaitali kujambula kanema inali ntchito ya makampani okha, pakuti makina ake anali akuluakulu ndipo filimu yake inkayaka msanga ngati udzu wa mu Okutobala. Mu 1923 kampani ya Kodak inatulutsa filimu yopapatiza ya mamilimita 16, yosachedwa kuzima ikagwira moto, kuti munthu wamba azitha kujambula za pakhomo pake. Mu 1932 inatulutsa ina ya mamilimita 8, yotsikirapo mtengo, ndipo mu 1965 kunabwera ina yotchedwa Super 8. Pakati pa zaka zomwezo, mu 1926, Bambo Pietro Calandri ndi mnzao wa chipani cha Consolata anafika ku Mandimba, chaka chomwe anamwalira woyambitsa chipanicho, Giuseppe Allamano, amene Apapa Fransisko anamlengeza kukhala Woyera pa 20 Okutobala 2024. Mishoni ya Massangulo inayamba mu 1928, ya Unango mu 1930, ya Mepanhira mu 1938, ndi ya Mitúcue, kufupi ndi Cuamba, mu 1939. Kotero kanema wa m'manja ndi mishoni za kuno ndi ana a msinkhu umodzi, anakulira limodzi.

Eklezia nayenso sanachedwe kuona kuti zithunzi zoyenda zili ndi mphamvu pa mtima wa munthu. Apapa Pio wa 11 analemba kalata yonena za kanema mu 1936. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata chake cha njira zofalitsira nkhani mu Disembala 1963, chaka chomwe inakhazikitsidwa dayosizi yathu, imene nthawi imeneyo inkatchedwa ya Vila Cabral. Motero mmishoni amene ananyamula kamera popita ku sukulu za kumudzi sanali kuchita zamasewera.

Kwa ana athu, amene anabadwira m'nthawi ya lamya zojambula, ndifotokoze pang'ono m'mene makinawa agwirira ntchito. Filimu ndi kalamba kopyapyala kokhala ndi tizithunzi tambirimbiri totsatizana, ndi timabowo m'mphepete mwake. M'kati mwa makina muli kambedza kachitsulo kamene kalowa m'timabowomo, kukoka chithunzi chimodzi, kuchiimitsa patsogolo pa babu, kenaka kukoka china. Pa nthawi yokokayo kachitseko kozungulira kaphimba kuwala, kuti maso athu asaone kusuntha kwake. Zimenezi zichitika ka 16 kapena ka 18 pa sekondi imodzi, ndipo maso, polephera kulekanitsa zithunzizo, aona munthu akuyenda. Phokoso la tekete-tekete limene mulimve ndi la kambedzako.

Pali chinthu china chimene achinyamata ayenera kuchimvetsa. Lero munthu ajambula ndi lamya mpaka batire kutha, nafufuta zimene sanazikonde. Kale sizinali chomwecho. Kabokosi kamodzi ka Super 8 kanali ndi filimu ya mamita 15, yokwana mphindi 3 ndi masekondi 20 basi. Filimuyo inkagulidwa kutali, ndipo ikajambulidwa inkatumizidwanso kutali kukatsukidwa, mwini wake nadikira masabata osadziwa ngati yatuluka bwino. Ndiye chifukwa chake zithunzi zake ndi zachidule: mayi wosenza njerwa aoneka kwa masekondi 5, kenaka waona kale ana ali pa mzere. Munthu aliyense amene aoneke pa chinsalu paja, dziwani kuti wojambula anaona kuti ndi woyenera kumuonongera filimu yodula.

Makina omwewa amene atisangalatse angathenso kuononga chuma chathu, ndipo ndinene zimenezi momveka chifukwa ena a inu muli ndi mipukutu yotere m'masutikesi kunyumba. Filimu ikakalamba imafota pang'ono, timabowo take tisiya kulingana ndi mano a makina, ndipo makinawo aing'amba. Malo amene anailumikiza ndi ulimbo auma ndi kuduka. Babu yake ndi yotentha kwambiri, kotero filimu ikangoima pakhomo pake kwa kanthawi, chithunzi chisungunuka anthu akuona, ndipo chapita kosabwerera. Madzi akatayika saoleka. Nchifukwa chake m'bale wathu amene ayendetse makinawa wayamba wapukuta fumbi lonse pa njira ya filimu ndi kaburashi kofewa, waona ngati lamba wa mphira sanaume, waonetsetsa kuti makinawa ndi olandira magetsi a mavoti 220 monga a kuno, pakuti ena ochokera ku America afuna 110 okha, ndipo wawayesa ndi filimu yopanda ntchito. Mpukutu uliwonse waupenda ndi manja pang'onopang'ono usanalowe m'makina. Umene wauona wofota kapena wopindika wauika padera, sitiuonetsa lero. Safunsa anadya phula: amene ali ndi filimu kunyumba asaiike m'makina alionse asanafunse.

Mdani wina ndi nyengo yathu. Filimu zimenezi zinapangidwa ndi mankhwala amene, akakhala pa malo otentha ndi achinyezi, ayamba kuola. Chizindikiro chake ndi fungo lowawasa la viniga, amene ambiri kuno timati vinagre. Chitini chingathe kuoneka chabwino kunja, koma mukachitsekula fungolo likuuzani kuti ndi chikomekome cha nkhuyu. Kuola kumeneku kukayamba sikubwerera m'mbuyo, ndipo mpweya wake ufulumizitsa kuola kwa mipukutu yoyandikana nayo, kotero wodwalawo uyenera kupatulidwa. Inu nonse mudziwa kutentha kwa Okutobala ndi Novembala pansi pa denga la malata, ndi chinyezi cha m'dzinja. Filimu ifuna malo ozizira, ouma ndi amdima. Ina ya mtundu wa Kodachrome isunga maonekedwe ake bwino ikakhala mumdima, koma mitundu ina ifiira yonse ngati dothi la katondo. Kodachrome yomweyo inaleka kupangidwa mu 2009, ndipo makina oonetsera otere ndi mababu ake zikusowa chaka ndi chaka. Mwina uwu ndi umodzi wa madzulo otsiriza amene tidzaone zithunzizi mwa njira imene makolo athu anazionera.

Tsono tibwere pa funso lalikulu: zithunzizi anajambulira yani? Kawirikawiri mmishoni ankajambula kuti akapita kwao ku Italy kapena ku Portugal akaonetse abale ake ndi akristu amene ankathandiza mishoni ndi ndalama. Iwo ankafuna kuona tchalitchi chikukwera, ana ali m'kalasi, odwala akulandira mankhwala, mdipiti wa tsiku la chikondwerero. Kwa oonera a kumeneko dzina la mayi wosenza njerwa linalibe ntchito. Iye anali chizindikiro chabe chakuti ntchito ikuyenda. Sitinena izi modandaula, pakuti popanda wojambulayo sitikanakhala ndi nkhope imodzi yomwe. Koma lero zithunzizi zabwerera kwa eni ake. Kwa ife mayi uja ndi agogo a wina amene wakhala m'holo muno. Mnyamata wogwira mtanda patsogolo pa mdipiti mwina ndi amene anadzakhala mphunzitsi wa katekisimu amene anakuphunzitsani mapemphero. Chifukwa chake poonera musayang'ane pakati pokha pamene pali wansembe kapena Ambuye Episkopi. Yang'anani m'mphepete mwa chinsalu ndi kumbuyo, kumene kwaima oumba njerwa, ocheka matabwa, ophika, omasulira ulaliki ndi oyambitsa nyimbo. Parishi iyi inamangidwa pa mitu ndi pa mapewa a anthu amenewo.

Muonanso pakati pao abale athu Achisilamu, makamaka pa zithunzi za kusukulu, za kuchipatala ndi za pa ntchito yomanga, pakuti mishoni za kuno zinakhazikika pakati pa Ayao amene ambiri ndi a chipembedzo chimenecho. Iwonso ali ndi zidzukulu zimene zingakondwe kuona nkhope za makolo ao. Tikadzaonetsa zithunzizi m'midzi tidzawaitane, ndipo maina ao alembedwe m'buku lomwelo.

Ena afunsa kuti, popeza pa zitini palibe chaka, tidzadziwa bwanji nthawi imene chithunzi chinajambulidwa? Njira zilipo. Ngati filimu ndi ya Super 8, siingakhale ya chaka cha 1965 chisanafike. M'mphepete mwa filimu ya Kodak muli tizizindikiro tating'ono, monga kadontho, kabokosi kapena kamakona atatu, tosonyeza chaka chimene inapangidwa, ngakhale tinkabwerezedwa pakapita zaka 20. Ngati wansembe apereka nsembe ya Misa atapenya kwa anthu, ndiye kuti ndi pambuyo pa Msonkhano wa ku Vatican umene unatha mu 1965. Mukaona Ambuye Eurico Dias Nogueira akupereka ulimbitso, ndi pakati pa 1964 ndi 1972. Mukaona Ambuye Luís Gonzaga Ferreira da Silva, ndi pambuyo pake. Chikwangwani cholembedwa Nova Freixo ndi Cuamba wa nthawi ya atsamunda, ndipo sitima yopita ku Vila Cabral siingaoneke chaka cha 1969 chisanakwane. Koma umboni woposa zonsezi ndi wa agogo amene anganene kuti, “Khanda lili kumsanalo ndine,” pakuti chaka chake cha ubatizo chili m'kaundula wa parishi.

Tiyeneranso kukumbukira zimene kamera sinajambule. Muona ana ali pa mzere wolongosoka patsogolo pa sukulu. Chinsalu sichikuuzani kuti, potsata pangano la 1940 pakati pa Portugal ndi Likulu la Apapa ndi lamulo la mishoni la 1941, maphunziro oyamba a ana akuda anaperekedwa m'manja mwa mishoni, ndipo ankaphunzitsidwa m'Chipwitikizi, chinenero chimene mwana sankachimva kwao. Muona minda yobiriwira, koma simuona chibalo kapena thonje lolima mokakamizidwa, limene lamulo lake linathetsedwa mu 1961. Simuona nkhondo yomenyera ufulu imene inayamba mu 1964 ndi kugwedeza Niassa, kapena midzi imene anthu anasonkhanitsidwamo mokakamiza. Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975, ndipo pa 24 Julayi chaka chomwecho boma linatenga sukulu ndi zipatala za mishoni. Kuyambira pamenepo zithunzi zathu zichepa, mpaka zitheratu.

Zaka zopanda zithunzi zimenezo ndizo zimene chikhulupiriro cha akristu a kuno chinayesedwa koposa. Msonkhano wa Eklezia wa dziko lonse umene unachitikira ku Beira mu 1977 unasankha njira ya timipingo tating'ono totsogozedwa ndi akristu eni ake. Pamene wansembe sankatha kufika kwa miyezi kapena zaka chifukwa cha nkhondo, anali amuna ndi akazi a m'midzi amene ankasonkhanitsa anthu Lamulungu, kubatiza makanda, kuika maliro ndi kusunga mabuku a mapemphero. Ena anathawira ku Malawi kudzera ku Chiponde ndi njira za m'tchire, napitiriza kupemphera m'misasa, mpaka mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Zonsezi palibe anajambula. Zili m'mitima ya agogo athu okha.

Musaganize kuti umboni wa pakamwa ndi wochepa mphamvu. Mu Januwale 1989, ku Nipepe, m'dayosizi yathu yomweyi, anthu oposa 200, ambiri a iwo aphunzitsi a katekisimu ndi mabanja ao, anabisala m'tchalitchi kwa masiku angapo pothawa nkhondo, namwa madzi a m'chitsime cha ubatizo amene sanathe. Panalibe kamera. Anthu amene analipo anafotokoza, mau ao analembedwa ndi kupendedwa ku Roma, ndipo pa umboni umenewo Sisitere Irene Stefani analengezedwa kukhala Wodala ku Nyeri, m'dziko la Kenya, pa 23 Meyi 2015. Ngati Eklezia alemekeza chomwecho mau a mboni, ifenso tiyenera kukhala pansi ndi agogo athu, cholembera chili m'manja.

Nazi tsono zimene bungwe lipempha. Choyamba, lero agogo akhale kutsogolo, ndipo aliyense akhale ndi mnyamata kapena mtsikana wa kope pambali pake. Mu kanema uyu kulankhula nkololedwa. Mukamdziwa munthu, tchulani dzina lake mokweza, mudzi wake ndi mfunda wake. Makina sitiwaimitsa, pa chifukwa chimene ndanena kale, koma alembi alembe zimene amva. Mukasiyana maganizo pa nkhope ina, maina onse awiri alembedwe, tidzapenda pambuyo. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Chachiwiri, mipukutu yonse itumizidwe kwa odziwa ntchito yake kuti zithunzi zake zikoperedwe mu kompyuta, kuyambira ija ya fungo la viniga. Zikatero tidzatha kuimitsa chithunzi chilichonse nthawi imene tifuna, ndi kuzitengera ku timipingo tonse ta m'midzi, ngakhale kwa odwala amene sanathe kubwera. Koma filimu yeniyeniyo isatayidwe. Yakhala zaka 60 kapena kuposa. Nanga ndani wa ife ali ndi zithunzi zimene zinali m'lamya yake zaka 10 zapitazo?

Chachitatu, zokoperedwazo zisasungidwe pa malo amodzi. Akuluakulu akumbukira Kuxa Kanema, kanema wa nkhani za dziko amene ankayenda pa magalimoto m'maboma ufulu utangobwera. Mu 1991 moto unaononga mbali yaikulu ya nyumba ya bungwe limene linkamukonza ku Maputo. Ngati zotere zinachitikira chuma cha dziko lonse, kuli bwanji kabati ya parishi? Zina zikhale kuno, zina ku nyumba ya Ambuye Episkopi ku Lichinga, ndi zina ku nyumba ya chipani cha Consolata. Tilembenso makalata kwa amishoni amene anabwerera kwao ndi kwa abale ao, kupempha kuti ngati asunga zithunzi za kuno atigawireko.

Chachinai, amene ali ndi zithunzi za papepala, matepi a nyimbo za kwaya kapena makaseti a vidiyo a maukwati ndi maubatizo a zaka za m'ma 1990, abwere nazo ku ofesi ya parishi. Zidzakoperedwa ndi kubwezedwa kwa eni ake. Nazonso zikukalamba, ndipo makina ake akusowa monga omwewa.

Ndipemphenso kuti tionere mwaulemu. Ana adzaseka poona zovala zakale ndi mayendedwe ofulumira a anthu, ndipo kuseka kotere nkwabwino. Koma pambali panu pangakhale munthu amene aone nkhope ya mwana wake amene anasowa pa nkhondo, amene manda ake sadziwika. Pangaoneke anyamata awiri ataima limodzi pa tsiku la Ukaristia woyamba, amene pambuyo pake ananyamula mfuti mbali zosiyana. Tisalozane zala. Pa chinsalu paja onse akadali ana a parishi imodzi, ndipo onse alembedwe m'buku limodzi.

Akristu anzanga, pa Misa iliyonse Eklezia akumbukira amene anatitsogola ali ndi chizindikiro cha chikhulupiriro, ndipo tsiku la ubatizo munthu aliyense aitanidwa ndi dzina lake. Mulungu sanaiwale ndi mmodzi yemwe wa anthu amene tiwaone lero. Oiwala ndife, ndipo mankhwala ake ndi kulemba. Bungwe lagwirizana ndi Bambo Mfumu kuti maina onse amene tipeze a anthu amene anatisiya awerengedwe pa Misa ya pa 2 Novembala, tsiku lokumbukira mizimu ya akufa onse, ndi kuti bukulo likhale lotsekula, kuti chaka ndi chaka tizionjezamo. Amene adzakonze chikondwerero cha zaka 150 adzapeze nkhope ndi maina zili pamodzi.

Tiimirire tipempherere onse amene tiwaone pa chinsalu, amoyo ndi akufa, pamodzi ndi amene anawajambula. Tikatha, alembi akonzeke, nyale zizimitsidwe, ndipo makina ayambe.